A Ngolo ndi Miyendo ya Kaphukusi

Dzina lakuti Ngolo sanabadwe nalo. Anawapatsa ndi dalaivala wa lole yosamutsa anthu imene ankagwirako ntchito, tsiku lina atawaona akutsika masitepe filiji ili kumsana, chitseko chake atachimanga ndi lamba wa thalauza lawo. Dzinalo linakanirira ngati chingamu, moti ngakhale akazi awo akapsa mtima ankaiwala ulemu n'kuwaitana choncho. Eni ake sankadandaula. Anali munthu wa mawu ochepa, woti ukawafunsa za moyo amangoti "tilipo," nkhani n'kuthera pomwepo.

Kunyamula anakuyamba asanadziwe kulemba dzina lawo. Mayi awo ankalawirira kukakolopa m'maofesi, ndiye ang'ono awo onse anakulira pamsana pa mkulu wawoyu, wina akatsika wina n'kukwera. Sukulu itawakanika anasenza matumba a simenti, kenako makatoni a sopo, mpaka anapeza ntchito ya pa lole ija. Pamenepo ndiye anafikapo. Ankadziwa kuti galasi limayenda choimirira, kuti wadiropu umatsika nayo masitepe iwe uli kumunsi kwake, kuti sofa imene yakana kulowa pakhomo imafuna kuipendeketsa osati kuikankha. Eni katundu ankawakonda chifukwa ankagwira zinthu za eni ngati zawo. Ankati chinthu chilichonse chili ndi pogwirira pake, ndipo mwina pa moyo wawo wonse nzeru imene anaitulutsa pakamwa ndi yokhayi.

Anakwatira mayi wosita zovala pamalo ena ochapira, wolimba mtima komanso wolimba pakamwa. Ankakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanjikizana, imene chikepe chake chinafa kalekale anthu n'kuchisandutsa mosungira matsache. Mwana anabadwa mmodzi, wamkazi. Poyamwa ankatuluka thukuta ngati munthu ali pantchito, ndipo akalira milomo yake inkada. Madokotala anati mtima wake uli ndi bowo, njira ya magazi opita kumapapo ndi yopapatiza, pakufunika opareshoni, koma ana odikira ndi ambiri. Anauzidwa kuti adikire. Anadikira mpaka mwanayo anayamba sukulu, mano oyamba n'kuguluka, ena n'kumera.

Mwanayo ankayenda, inde, koma kuyenda kwake kunali kuchoka pabedi kufika pakhomo. Akafika pamenepo ankanyonyomala, maondo pachifuwa, kudikira kuti mpweya ubwerere. Ndiye a Ngolo ankamubereka. M'mawa ankatsika naye masitepe onse aja, kukamutula pakhomo la kalasi, n'kuthamangira kulole. Masana ankachonderera dalaivala kuti adzere kusukulu. Anzawo a pa lole ndiwo anamutcha Kaphukusi. "A Ngolo, kaphukusi kanu mwakasiya kuti lero?" Mayi ake ankadana nalo dzinali, mwiniwake ankalikonda, koma bambo ake ankamuitana kuti mayi basi.

Akakhala pansi, Kaphukusi anali mwana wofatsa, chifukwa analibe mpweya wotaya. Koma akangokwera pamsana, pakamwa pankatseguka. Nkhani zonse zinkathera m'khutu la a Ngolo: za mphunzitsi amene amawodzera m'kalasi, za mnzake amene anameza batani, za zimene adzagule akadzakhala woyendetsa ndege. A Ngolo ankangoti, "Eee?" kapena, "Aaa mayi, limenelo ndiye bodza," mwana n'kumaseka mpaka kutsokomola. Tisanamizane: matenda a mwanayu ankawadya mtima bambowa usana ndi usiku, koma kuberekako kunali chuma chawo. Munthu amene sankatha kucheza ndi aliyense anapeza wocheza naye, woti sankafunika ngakhale kumuyang'ana m'maso.

Opareshoni inachitika mwana ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Za tsikulo a Ngolo sakumbukira zambiri, kupatula benchi yozizira ndi akazi awo akupinda ndi kutambasula kansalu kamodzimodzi. Mwana atatuluka m'chipinda cha odwala kwambiri anali ndi bala lalitali pakati pa chifuwa, ndipo milomo yake inali ya mtundu umene makolo ake anali asanauonepo. Mayi ake analira. A Ngolo anachita chimene ankadziwa: anawerama, manja n'kulunjika m'khwapa mwa mwana kuti amukhazike bwino.

"Bambo, manja amenewo abwezeni."

Amene analankhula anali mayi wachitsikana, wamfupi, wovala nsapato zothamangira. Ana a m'wodimo ankawatcha Anti a mafizo, chifukwa ntchito yawo inali yophunzitsa ana ochitidwa opareshoni kupuma bwino, kuimirira ndi kuyendanso.

"Fupa la pachifuwapa alidula n'kulimanga ndi waya," anatero Anti. "Mukamukoka m'khwapa mumasula ntchito ya adokotala. Zikavuta, dzanja lina pansi, lina kumsana. Koma kunena zoona ine ndikanakonda musamunyamule n'komwe."

A Ngolo anawayang'ana ngati amva chilankhulo chachilendo.

Chipinda cha mafizo chinali kumapeto kwa khonde lalitali. Munali matiresi pansi, njinga yopalasa koma yosapita kulikonse, ndi masitepe amatabwa okathera pakhoma. Munkabwera ana a misinkhu yosiyanasiyana, onse a chipsera chofanana, chimene Anti ankachitcha zipi. "A timu ya zipi, tiyeni!" Ankawapatsa madzi a sopo kuti aziuzira thovu, ati mapapo atseguke, ndipo aliyense anali ndi kapilo koti azikumbatira akafuna kutsokomola. Kuonera patali ukanati ndi masewera, koma ukayandikira umamva kulira. Mwana wina ankakana kuongoka, ankayenda chowerama ngati nkhalamba poopa kuti zipi itseguka. Nthawi zina bedi lina m'wodi linkapezeka loyalidwa bwinobwino, mwini wake osaonekanso ku mafizo, ndipo makolo anzake sankafunsa.

Kaphukusi ankadana nacho chipindacho. Miyendo yake inali yowonda, yopanda katumba, ndipo akaima pang'ono inkanjenjemera. Akalira ankayang'ana pakhomo pamene bambo ake ankaima, ndipo Anti ankatembenuka n'kuti, "Bambo, kapiteni kaye mukaone dzuwa." A Ngolo ankapita kukaima kuseri kwa chitseko, akumva zonse.

Tsiku lotuluka m'chipatala Anti anawakhazika pansi.

"Adokotala akonza mtima, koma miyendoyi uthengawo sinaumve. Zaka zonsezi mwanayu wakhala akuyendera miyendo yanu. Muziyenda naye tsiku lililonse, lero pang'ono, mawa kuwonjezerako. Ndipo aziyenda akulankhula. Akamamaliza nkhani yake bwinobwino, pitirizani. Akayamba kudula mawu pakati kuti apume, imani apumule. Mukaona kuti sabata ino akudula mawu msanga kuposa sabata yatha, musadikire tsiku lanu lobwera, thamangani naye kuno. Ine kwanu sindifikako, bambo. Maso anga ndinu."

"Ndamva," anatero a Ngolo, ndipo anamvadi.

Akazi awo ankachoka kusanache n'kubwera dzuwa litalowa, pomwe ntchito ya pa lole nthawi zambiri inkatha masana. Ndiye kuyenda ndi mwana kunagwera bambo. Tsiku loyamba anatsika masitepe onse, mwana akugwira khoma, bambo akutsika chafutambuyo kumunsi kwake. Anafika pakona, pamene panali kashopu ka mayi wina wokonda nkhani, wogulitsa buledi, sopo ndi machesi. Pamenepo Kaphukusi ananyonyomala. Milomo sinade, mpweya unalipo, koma thupi linali litazolowera. Anakweza manja.

"Ababa, miyendo ikuwawa."

"Anti anati tiziyenda, mayi."

"Anti sakutiona."

A Ngolo anayang'ana uku ndi uku ngati wakuba. Kenako anawerama, dzanja lina pansi, lina kumsana, ndendende monga anaphunzitsidwira, n'kumunyamula. Mumtima anati ndi lero lokha.

Lero lokha lija linaswana. Poyamba ankamunyamula pokwera masitepe basi, kenako kuchokera pakona, kenako kuchokera pakhomo penipeni. Bala litauma mwana anabwerera pamalo pake pamsana, nkhani n'kuyambiranso m'khutu. Chomvetsa chisoni n'chakuti a Ngolo sanajombe tsiku ngakhale limodzi, ndipo mtunda ankawonjezeradi monga anauzidwira: sabata ino pa malo ometera tsitsi, sabata inayo pa sitolo ya mankhwala, kenako mpaka pa siteji ya basi kumtunda kuja. Malangizo onse anatsatidwa, kungoti miyendo imene inkalimba inali ya bambo.

Tsiku la mafizo likafika ankamubereka mpaka m'chipatala, n'kukamutula pokhotera khonde kuti akalowe m'chipinda muja ndi miyendo yake.

"Akufika pati tsopano?" Anti ankafunsa.

"Pa siteji ya basi."

"Eee, timu ya zipi! Nanga mawu akudula?"

"Ameneyu? Pakamwa sipatsekeka."

Limeneli a Ngolo sankaliwerengera ngati bodza, pakuti pamsana mwanayo ankalongololadi. Koma pa njinga ija Kaphukusi ankatopa msanga kuposa anzake, ndipo tsiku lina kachipangizo kopanira chala kanasonyeza kuti mtima ukuthamanga kwambiri. Anti anachita tsinya n'kufunsa ngati mwana wayenda mtunda asanalowe.

"Tayenda kuchokera pamene tatsikira basi," anayankha a Ngolo maso ali pansi.

"Ndiye chifukwa chake. Sabata yamawa mudzamupumitse kaye."

Potuluka, Kaphukusi anawanong'oneza kuti, "Ndi chinsinsi chathu eti, ababa?" Iwo anati eya.

Panali zina zimene ankaziona. Mwana anayamba kusiya chakudya m'mbale, pogona ankafuna kutsamira mapilo ambiri, ndipo ngakhale pamsana nkhani zinayamba kufupika. Koma panali chinanso chimene munthu wina sakanachizindikira msanga ngati iwo: katundu anayamba kulemera. Msana wa a Ngolo unali sikelo yosanama. Anasangalala, mpaka anaulula pa lole, iwo osaulula kanthu aja.

"Kaphukusi kayamba kulemera, a dalaivala. Opareshoni ija yagwira."

"Ndiye muyambiretu kufunsa mtengo wa wilibala," anatero dalaivala, onse n'kuseka. Palibe anafunsa kuti mwana wosadya akunenepa ndi chiyani.

Lamlungu lina akazi awo sanapite kuntchito. Atamaliza kuyanika zovala anavala nsapato n'kunena kuti, "Lero ndipita nawo. Ndikufuna ndimuone ndi maso angawa mwana wanga akufika pa siteji." Bambo ndi mwana anayang'anana. A Ngolo akanatha kulankhula pamenepo, koma anangozilekerera. Kaphukusi, pofuna kusunga chinsinsi, anaimirira n'kuyamba kutsika yekha. Sanafike ngakhale pakati. Pokhotera masitepe anaima, nkhope itatuwa, thukuta lozizira likuyenderera m'khosi. Anati, "Amayi, ndi... ndi..." mawu osatha, maondo n'kupindika.

Tsiku limenelo palibe anawaletsa kumunyamula. Anathamanga naye mumsewu, akazi awo akukuwa pambuyo nsapato zili kumanja, mpaka galimoto ya munthu wosamudziwa inaima.

Kuchipatala anapeza kuti madzi adzaza m'thumba lokuta mtima, akuufinya moti ukulephera kugunda bwino, ndipo ena anali atayamba kudzaza m'thupi monse. Kulemera kuja kunali kumeneko. Anamulowetsa kapaipi kumunsi kwa zipi, madzi n'kumatsikira m'botolo pansi pa bedi. Mawa lake dokotala, bambo wa magalasi wooneka wotopa, anaitana makolo. Anti a mafizo anaima pakhomo.

"Zimenezi zimachitika pambuyo pa opareshoni, si mlandu wa munthu," anatero dokotala. "Koma madziwa sanabwere dzulo. Akanadziwika msanga, mwina mankhwala okha akanakwana. Chikundizunguza mutu n'chakuti ndamva kuti mwanayu amayenda mpaka pa siteji ya basi. Ndi madzi ochuluka chonchi? Simunaone kuti wayamba kutopa msanga?"

Mayi a mwanayo anatembenuka kuwayang'ana a Ngolo.

"Samayenda," anatero a Ngolo. "Ndimamubereka."

"Kuyambira liti?" anafunsa dokotala.

"Kuyambira tsiku loyamba."

Akazi awo anadikira mpaka atatuluka pakhonde, chifukwa ngakhale mkwiyo umadziwa pokhala. "Ngolo iwe," anatero, mawu ali pansipansi. "Ine ndikupsa manja ndi ayironi ndikuti mwana akuchira, chonsecho iwe uli pa ulendo woonetsa mwana tauni? Unkafuna umunyamule mpaka kumanda?" Amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma kuno zinatembenuka: anadya ndi bambo, wopotedwa anali mwana amene anagona ndi kapaipi m'chifuwa.

Anti a mafizo sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anawapeza a Ngolo pa benchi n'kukhala pambali pawo.

"Inenso ndili ndi mbali yanga. Ndinaona mtima ukuthamanga, koma ndinakhulupirira pakamwa panu. Bambo, kuyenda kuja si kolimbitsa miyendo kokha ayi. Ndi mmene mtima umatiuzira ngati uli bwino kapena ayi. Unkafuna kutiuza, inu munautseka pakamwa."

"Amalira," anatero a Ngolo.

"Onse amalira. Inuyo mudzamubereka mpaka liti? Msana umenewo ukadzatha, adzakwera pa ndani?"

Kaphukusi anagona m'chipatala nthawi yaitali kuposa ya opareshoni ija. Madzi anachoka, n'kubweranso, n'kuchotsedwanso. Chaka cha sukulu chinapita. Anzake amene anasokedwa nthawi imodzi ndi iye anali atayamba kuthamangitsana pakhonde, iye akulephera kuchoka pabedi kupita kuchimbudzi. Dokotala sanalonjeze kanthu. Anangoti mtima wazunzika, tiona mmene uyankhire, koma mwana akapanda kuyenda sipadzakhala choona. Mayi ake anafuna kusiya ntchito kuti aziyenda naye okha, koma zinali zosatheka, ndipo mlamu wina amene analonjeza kuthandiza anabwera kamodzi n'kusowa. Anatsala ndi Ngolo yemweyo. Kunyumba mwamuna ndi mkazi ankapatsana mbale osayang'anana.

Mafizo anayambira pachiyambi penipeni: kuuzira thovu, kukhala m'mphepete mwa bedi, kuima. Atayamba kuyenda pakhonde, Anti anawapatsa a Ngolo chitsulo chopachikapo diripi kuti azichikankha. "Gwirani ichi ndi manja onse awiri, osasiya." Chitsulocho chinali ndi matayala, mwana wamng'ono akanatha kuchikankha ndi chala. Aliyense anadziwa chifukwa chake chinapatsidwa kwa chimunthu chonyamula mafiliji, ndipo a Ngolo anachigwira mwamphamvu mpaka zikhato kuchita thukuta.

Atabwerera kunyumba panalibe chitsulo chogwira. Tsiku loyamba anatsika masitepe akupuma pokhotera paliponse, ndipo atafika pakona, pafupi ndi kashopu kaja, Kaphukusi anaima n'kukweza manja.

"Ababa."

"Ayi, mayi."

"Pang'ono pokha. Mpaka pakhomo basi."

"Puma kaye. Ukapuma tiyende."

Mwanayo anawayang'ana ngati sakuwadziwa. Kenako anakhala pansi pafumbi, m'mbali mwa msewu, n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kwa mwana amene tsopano ali ndi mpweya wolirira. Anthu anayamba kuchepetsa liwiro. Bambo wina wa chikwama anati, "Akulu, thupi lonseli mukulephera kunyamula kamwana aka?" Mtsikana wina anauza mnzake mokweza kuti azibambo ena mitima yawo ndi miyala. A Ngolo anaika manja kumbuyo, lina litagwira linzake, n'kufinya mpaka zala kuchita dzanzi. Pa katundu yense amene anakumana naye pa moyo wawo, palibe anawalemera ngati ameneyu amene anamusiya pansi.

Kulira kutatha, Kaphukusi anapukuta mamina ndi mkono.

"Munati ndi chinsinsi chathu. Mwaulula ndinu. Tsopano Anti akundiona ngati wabodza, amayi akungokwiya, inu mwandisiya pansi ngati galu." Anagwira khoma la shopu n'kuimirira yekha. "Sindidzakulankhulaninso."

Ana amanena zimenezi tsiku ndi tsiku, pofika madzulo aiwala. Koma uyu anali mwana wa a Ngolo, akanyamula chinthu satula panjira. Ndi mayi ake ankalankhula. Ndi Anti ankalankhula. Bambo ake akamupatsa moni ankangogwedeza mutu, akamufunsa ngati wamwa mankhwala ankaloza botolo. Kuyenda ankayenda, mwaukali, mutu uli pansi, ndipo bambo akayandikira kwambiri ankaima mpaka abwerere m'mbuyo.

Kusalankhulako kukanakhala kuwawa kokha, a Ngolo akanapirira, pakuti kupirira ndiye ntchito yawo. Koma mawu a mwanayo ndiwo anali muyezo wokhawo umene anapatsidwa. Popanda mawu, akanadziwa bwanji ngati madzi abweranso? Mwana akakhala chete pachitunda, ndi mkwiyo kapena mpweya watha? Nthawi yoyamba ija anatseka okha pakamwa pa mtima. Tsopano ankafunitsitsa kumva, koma panalibe cholankhula. Anachita mantha amene sanawamvepo ngakhale pa benchi ya opareshoni.

Ndiye munthu wosadziwa kucheza uja anayamba kuphunzira kucheza atakula. Pa lole ankakonzekera mafunso ngati mwana wa mayeso. Anapempha dalaivala kuti awaphunzitse nthabwala, dalaivala n'kuwapatsa zake zimene zambiri sizinali zouza mwana. Masana ankayenda kumbuyo kwa Kaphukusi akuponya mawu. "Mayi, waiona galimoto yofiirayo?" Zii. "Lero tasamutsa munthu wa amphaka asanu." Zii. Ankatchera khutu kuti amve kapumidwe, koma mabasi ndi njinga zamoto zinkameza zonse. Ankayang'ana akakolo ngati atupa, ankawerenga zotsala m'mbale. Kangapo konse anamutengera kuchipatala tsiku lisanakwane, dokotala n'kupeza kuti palibe chachilendo, mwana n'kuwayang'ana ndi diso lonena kuti mwaonatu.

Kwa Anti ankanena zoona zokhazokha tsopano, ngakhale zochititsa manyazi.

"Akufika pati?"

"Pa sitolo ya mankhwala."

"Ndi miyendo ya ndani?"

"Yake."

"Mawu akudula?"

"Sindikudziwa. Sandilankhula."

Anti anamutengera pambali mwanayo n'kumunyengerera, koma Kaphukusi anangokweza mapewa. "Mupatseni nthawi," Anti anatero. Akazi awo, amene mtima unali utayamba kutsika poona mwamuna wawo akuonda, anayesa nawonso. "Iwe, bambo ako amenewa. Anakubereka zaka zonsezi." Mwana anayankha kuti, "Ndiye anasiyiranji?" Mayi anangobwerera ku mapoto awo.

Miyezi inapita choncho. Masana ena kunja kukutentha, Kaphukusi anadutsa pa malo ometera tsitsi osaima. Anadutsa pa sitolo ya mankhwala, pamene ankabwererapo masiku onse, n'kuyamba kukwera chitunda cha ku siteji. A Ngolo mtima unali m'mwamba. Ankaona thukuta likunyowetsa diresi kumsana, mapewa akukwera ndi kutsika.

"Mayi, tipume?"

Sanayankhe.

"Mayi, ungonena liwu limodzi lokha. Ngakhale kunditukwana."

Mwanayo anapitirira. Anafika pa siteji, anagwira chitsulo cha chikwangwani ndi dzanja, n'kutembenuka kuyamba kutsika, kuwadutsa bambo ake ngati akudutsa mtengo. Iwo ankatsatira akukonzekera kumuwakha, akukumbukira nkhope yotuwa ija ya pa masitepe, akudzifunsa kuti galimoto yoima adzaipezanso kuti.

Atafika pakona, mayi wa pashopu anasuzumira pazenera. "Iwe Kaphukusi, thukuta lonselo wachokera kuti?"

"Ndachokera ku siteji, ndayenda ndekha kupita ndi kubwera osakhala pansi, ndipo kumtunda kuja ndaona basi itafa anthu onse atsika akuikankha, mayi wina wovala nsapato zazitali akukankha nawo akutukwana kondakitala, ndiye Lachiwiri ndikawauza Anti kuti andichotse pa kanjinga ka ana kaja andiike pa yaikulu!"

A Ngolo anamvetsera liwu lililonse. Mwana amene anali atangotsika chitunda analankhula zonsezo osadula paliponse, n'kutsala ndi mpweya wosekera. Anatsamira khoma la shopu, misozi n'kutsika osaibisa. Mtima wa mwana wawo unali bwino. Anasangalala kuposa tsiku limene mwanayo anabadwa, ndipo m'chimwemwe momwemo anamva kuwawa, chifukwa tsopano anadziwa kuti mpweya ulipo wambiri, wokwanira shopu, Anti ndi msewu wonse, kungoti iwo sanali m'gulumo.

Atachoka pashopu anayandikira pang'ono.

"Wayenda bwino, mayi."

Kaphukusi anatseka pakamwa. Analowa m'nyumba ija n'kuyamba kukwera masitepe osagwira khoma. A Ngolo anadikira kuti atsogoleko, kenako anatsatira pambuyo, akusiya mpata pakati pawo monga mwanayo ankafunira.